Mapapo ooneka ngati muli mchenga, koma si TB

Mayi wa ku Mufakose:
Abale, ndikupempha nzeru. Mchemwali wanga anamaliza mankhwala a TB, koma chithunzi cha X-ray sichinasinthe: mapapo onse awiri akuoneka ngati munthu anawazamo mchenga woyera, pamene mwini wake amangopuma movutikira akakwera masitepe. Dokotala wina pano pa Harare watchula pulmonary alveolar microlithiasis. Kodi matendawa amawatsimikiza bwanji?

Namwino wa ku Highfield:
Mayi, zimene mwafotokozazo ndi zimene zimachititsa madokotala kuganizira matendawa: chithunzi choopsa kwambiri, koma wodwala wooneka wamphamvu. Timiyala ta calcium phosphate timaunjikana m'timatumba ta mpweya chifukwa jini (kachinthu ka m'thupi kamene timatengera kwa makolo) yotchedwa SLC34A2, imene imathandiza kuchotsa phosphate m'timatumbamo, sigwira bwino ntchito. Pemphani CT scan ya pachifuwa, kumene ndi kujambula kozama kuposa X-ray wamba, chifukwa imaonetsa timiyalato momveka bwino. Ngati kukayika kulipobe, amatsuka mapapo ndi kachubu kapena kudula kachidutswa kakang'ono kuti apime. Musadabwe calcium wa m'magazi akapezeka ali bwinobwino, ndi mmene zimakhalira kawirikawiri.

Bambo wa ku Mbare:
Kodi si fumbi la m'migodi? Ambiri a ife makolo athu anagwirako.

Namwino wa ku Highfield:
Ayi bambo, matenda obwera ndi fumbi la m'migodi ndi ena, otchedwa silicosis, ngakhale dokotala ayenera kufunsadi za ntchito. Matenda a timiyalawa ndi obadwa nawo, ndipo munthu amadwala akatengera jini yolakwikayo kwa bambo ndi mayi omwe. Choncho mayi, inuyo ndi abale anu a bere limodzi mukajambulitse mapapo, ngakhale simukutsokomola.