Makatalogu a masitampa a malemu bambo ndigulitse kuti?

Wa ku Chibavi: Abale ndithandizeni, malemu bambo anasiya makatalogu atatu a Stanley Gibbons (mabuku a ku England oonetsa masitampa ndi mitengo yake) mukatoni ndiye masamba ena ayamba nkhungu ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzuchi, kuwataya mtima ukukana, alipo angagule?

Wa ku Luwinga: Pepani achimwene. Mitengo yalembedwamoyo inatha ntchito kalekale koma zithunzi ndi manambala a masitampa anthu osonkhanitsa masitampa amazifunabe, makamaka gawo la Nyasaland mpaka 1964 pomwe anayamba kulembapo Malawi. Jambulani chikuto chaka chizioneka bwino muike pa Facebook.

Wa ku Katoto: Kumsika musapite nawo chonde, akakulungira mandasi amenewo. Ayanikeni kaye pamthunzi, padzuwa masamba amapindika.

Wa ku Chibavi: Zikomo kwambiri, nanga masitampa ali muenvelopu ndiphatikize?

Wa ku Luwinga: Ayi, amenewo sungani kaye padera.