Zimene ndapeza pa funso la mpweya wokweza ndege m'nyengo yozizira

Masabata angapo apitawa ndinafunsa ngati ndege yopanda injini, imene imadalira mpweya wokwera kuti isatsike, ingathe kukhalitsa mlengalenga m'nyengo yozizira, popeza dzuwa limakhala lofooka ndipo masana amafupika. Ndikuthokoza kwambiri nonse amene munandilangiza kuti ndisamangoyang'ana kutentha kwa pansi kokha.

Munanena zoona. Chimene chimakweza mpweya si kutentha pakokha ayi, koma kusiyana kwa mpweya wa pansi ndi umene uli pamwamba pake. Mpweya wouma ukamakwera umazizira ndi pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse, ndipo umapitiriza kukwera pokhapokha ngati mpweya wouzungulira uli wozizira kuposa iwo. N'chifukwa chake tsiku lotsatira mvula yobwera ndi mphepo yozizira, kumwamba kukayera, nthawi zambiri limakhala labwino ngakhale munthu akunjenjemera pabwalo.

Ndinadzionera ndekha Loweruka lapitali. M'mawa utsi unkangoyala chopingasa osakwera, kusonyeza kuti mpweya wofunda wavundikira wozizira, choncho tinadikira mpaka dzuwa litafika pamutu. Chivundikirocho chitatha, variometer (chipangizo chimene chimalira ndege ikamakwera) inayamba kulira ndili pamwamba pa munda wolimidwa, wa dothi lakuda ndi louma, koma pamadambo onyowa ndinkangotsika, chifukwa kumeneko mphamvu ya dzuwa imathera pa kuumitsa madzi. Mpweya wokwerawo unali wopapatiza zedi, moti ndinkapendeketsa mapiko kwambiri kuti ndisatulukemo pozungulira, ndipo unazimiririka msanga dzuwa litangoyamba kupendeka. Ndinatera zala zitachita dzanzi, koma mtima uli mbee.