Kodi ndingalembe bwanji ndemanga za mabuku zokopa owerenga?

Akuluakulu ndi anzanga okonda kuwerenga, ndikupempha nzeru zanu. Kwa miyezi 3 tsopano ndakhala ndikulemba ndemanga za mabuku a Chichewa amene ndimagula kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Limbe, koma ndaona kuti anthu ambiri amangoyang'ana chithunzi cha chikuto n'kupitirira, osawerenga zimene ndalemba. Kodi nkhani ya m'buku ndiziifotokoza mpaka pati, kuti ndisaulule mathero ake koma wowerenga atsale ndi chilakolako cholifunafuna bukulo? Chinanso chimene chikundizunguza mutu n'chakuti ambiri mwa mabukuwa ndi akale, zikuto zake zinang'ambika ndipo masamba anasanduka achikasu. Kodi ndiziwajambula momwemo, kapena zithunzi zotere zimathamangitsa anthu? Inu amene munayamba kalekale ntchitoyi, chonde ndiunikireni.