Ndabwerera ku Howrse patapita zaka, mahatchi anga atsalira kutali: ndiyambire pati?

NaMbewe_H:
Moni nonse. Akaunti yanga ya Howrse, gemu ya pa intaneti yoweta mahatchi, yakhala zaka zingapo osatsegulidwa, ndipo tsopano ndalowamonso. Mahatchi onse alipo, koma palibe imene ili m'khola, ndipo GP yawo (genetic potential, nambala yosonyeza mphamvu ya chibadwa cha hatchi) ndi yochepa kwambiri ndikayerekeza ndi amene akugulitsidwa panopa. Ndili ndi aakazi angapo a mtundu wa Arabian, amphongo awiri, Equus (ndalama za mu gemu) pang'ono, mapasi (ogulira zinthu zapadera) ochepa ndi ma aging point (okulitsira hatchi osadikira mawa) otsala. Kodi ndikweretse aakaziwa kwa yamphongo yabwino ya munthu wina kuti mzere wanga ukwere, kapena ndingogula atsopano? Nanga tsiku loyamba ndichite chiyani?

aPhiri_Khola:
Takulandiraninso. Tsiku loyamba musakweretse hatchi iliyonse, musagule kanthu, mapasi musawakhudze.

Mahatchi anu ali moyo chifukwa mu Howrse hatchi simakula yokha. Imakula miyezi 2 mukaisamalira n'kuigoneka, kapena mukagwiritsa ntchito aging point. Amene munawasiya aja angoima pa msinkhu umene munawasiyira. Chimene chatha ndi masiku awo a m'khola basi. Apa ndi pamene obwerera ambiri amatayira ndalama: amalembetsa mahatchi onse m'makhola nthawi imodzi, chonsecho khola limalipiridwa pa tsiku, ndipo Equus zimathera pa mahatchi amene sakugwira ntchito. Lembetsani awiri kapena atatu okha amene muziwasamaliradi. Enawo asiyeni momwe alili, sawonongeka.

Kenako asanjeni potengera zaka. Hatchi ikafika zaka 25 imayamba kufooka ndipo ikhoza kufa, pokhapokha ili ndi Philosopher's Stone, chinthu chimene chimaichititsa kukhala yosafa. Ngati ilipo ya zaka 23 kapena 24 imene mumaikonda, musaikulitse chisawawa. Onaninso ngati pali yaikazi imene munaisiya ndi bere. Bere limayenda ndi msinkhu wa mayi, miyezi 12, kutanthauza kuigoneka ka 6, choncho kamwanako kakudikirabe m'mimbamo.

Pa chisamaliro, zimene manja amaiwala msanga ndi ziwiri: hatchi igone isanakwane 22:00 pa wotchi yake, ndiponso igone ili ndi mphamvu zosachepera 20%. Mukaphonya, imadzuka yofooka ndipo tsiku lotsatira limapita pachabe. Chakudya patsani muyeso umene gemu yalemba, osati umene mukukumbukira. Masamba a malangizo awerengeninso, chifukwa Owlient, kampani imene inapanga gemuyi, imasinthasintha malamulo ang'onoang'ono.

Tadala_BLUP:
Pa funso lanu lalikulu, mayi, gulani atsopano. Chifukwa chake ndi masamu.

GP ya kamwana imachokera pakatikati pa GP ya mayi ndi ya bambo, n'kuwonjezerapo kapena kuchotserapo pang'ono malinga ndi BLUP ya makolowo, nambala yosonyeza kuti hatchi yakonzeka bwanji kubereka ana abwino. Titenge manambala ongoyerekeza. Yaikazi yanu ili ndi 2,000, yamphongo ya mnzanu ili ndi 10,000. Kamwana kabadwa ndi pafupifupi 6,000. Kakakula mukakakweretsanso kwa ya 10,000, mupeza 8,000, kenako 9,000, kenako 9,500. Mibadwo inayi yapita, ndalama zokweretsera mwalipira kanayi, simunafikebe. Ndipo amene ali pamwamba aja sakuima kukudikirani. Iwo amaweta m'matimu, amatulutsa mibadwo mofulumira, ndiye 10,000 ija idzakhala itakhala kale yakale. N'chimodzimodzi kuthamangitsa basi yoti yanyamuka kale. Yaikazi yaing'ono imodzi ya GP yapakati pa msika wa lero imakudumphitsani mibadwo yonseyo tsiku limodzi.

Pogula, musayang'ane maluso, yang'anani GP. Maluso ndi zimene hatchi yaphunzitsidwa, GP ndi zimene imapatsira ana. Tsegulani tsamba la chibadwa chake muone kuti ndi ya mtundu umodzi weniweni, muone GP ya luso lililonse mwa 6 aja, muonenso zaka ndi BLUP. Ikakhala yamphongo, tsimikizani kuti siyofula. Yofula imatchipa ndipo imachita bwino pa mipikisano, koma singakupatseni mwana. Musanapereke mtengo pa okushoni, khalani masiku awiri kapena atatu mukungoona kuti mahatchi a GP imeneyo akutsirizira pa mtengo wanji, chifukwa mitengo imene ili m'mutu mwanu ndi ya kale.

Yamphongo musagule poyamba. Kulipira kukweretsa kwa yamphongo ya BLUP 100 ya munthu wina n'kotchipa kuposa kulera yanu.

Tsopano BLUP. Imayambira pa -100 n'kukafika pa +100, ndipo kuti idzaze pamafunika zitatu: maluso atatu apamwamba a hatchiyo afike pamapeto mpaka manambala ake aoneke akuda kwambiri, ipambane mipikisano 20, ndipo ikwane zaka 10. Gemu imalola kukweretsa hatchi ikadali yaing'ono kwambiri kuposa pamenepo, ndipo ndi msampha. BLUP ikakhala pansi pa 0, kamwana kakhoza kubadwa kotsika kuposa pakatikati pa makolo ake.

Werengerani ma aging point anu musanayambe. Kuchoka pobadwa kufika zaka 10 ndi miyezi 120, ndiye kuikulitsa ka 60. Popanda ma aging point ndi masiku 60. Ndondomeko yake ndi iyi: masewera a kamwana kakadali kakang'ono, maulendo a m'nkhalango ndi a m'phiri kuyambira chaka 1 ndi miyezi 6, maphunziro kuyambira zaka 2, mipikisano kuyambira zaka 3. Luso likakana kuda ngakhale maphunziro atha, kawirikawiri patsala maulendo kapena mipikisano ya luso limenelo. Musangobwereza mpikisano umodzi umene hatchi imapambana mosavuta, sankhani mipikisano imene imakweza luso lotsalalo.

Mphatso.W:
Masamu a Tadala ndi olondola, koma sindikufuna kuti mumve ngati mahatchi akalewo alibe ntchito. Musathamangire kuwapereka ku Safe Haven, malo osiyako mahatchi amene simukuwafunanso, chifukwa mukapereka sadzabwereranso kwa inu.

Zipambano 20 zija ndiye gawo lovuta kwambiri kwa munthu wobwerera. Hatchi yanu ya GP yapakati ikakumana ndi za m'matimu singapambane. Mpikisano umachitika malo onse akadzaza, ndiye fufuzani umene mulibe aliyense, lowetsani hatchi imene mukuikweza, malo otsalawo mudzaze ndi mahatchi anu akale ofooka. Ipambana imene mukuikwezayo. Chofunika n'chakuti odzazawo akhale a kakweredwe kamodzi ndi iyo, classical kapena western, akhale ndi chishalo ndi zingwe zoyenera, ndiponso akhale ndi mphamvu zolowera. Chitani mwachangu, chifukwa mukachedwa wina alowetsa yake yamphamvu n'kutenga chipambanocho.

Tsegulaninso hatchi iliyonse yakale muone zimene inavala za ku Black Market, sitolo ya mu gemu ya zinthu zapadera. Imene ili ndi Philosopher's Stone ndi wodzaza mipikisano wosafa. Ya Golden Apple (chinthu chopatsa hatchi maonekedwe apadera) kapena ya mapiko ili ndi ogula ake amene sasamala za GP.

Mapasi ochepawo apite ku Morpheus' Arms, imene imalola kukulitsa hatchi popanda ma aging point, ndi Chronos' Timer, imene imafulumizitsa maphunziro. Ziikeni pa yaikazi yatsopano ija. Water of Youth musaiike pa hatchi imene mukufuna ifike BLUP 100 msanga: imachititsa kuti izikula mwezi 1 m'malo mwa 2, ndiye ka 60 kaja kasanduka 120.

Ndinenenso kuti Arabian ndi mtundu umene uli ndi oweta ambiri. Ngati mtima wanu suli pa mtundu umenewu kwenikweni, onani mitundu ya oweta ochepa, kumene pamwamba sipali kutali chotere.

NaMbewe_H:
Zikomo kwambiri, ndamva. Funso lina: mwa amphongo awiri aja, imodzi ndi Thoroughbred ndipo GP yake ikuposa ya ma Arabian onse. Ndingaikweretse pa yaikazi yatsopanoyo kuti ndisalipire kwa wina?

Tadala_BLUP:
Ayi, mayi. Kamwanako kadzalembedwa dzina la mtundu umodzi koma kadzakhala kosakaniza, ndipo kusakanizako kumaonekabe m'chibadwa cha ana ake ndi zidzukulu. Oweta a mtundu umodzi sagula zotere, mtengo umagwa. Kuwonjezera apo, mitundu iwiriyi siili ndi maluso apamwamba ofanana, choncho GP imamwazikana m'malo mokwera pa maluso atatu amene mukuwafuna. Ndiponso ikuposa ma Arabian anu akale okha, osati yaikazi imene mugule, ndiye ingakokere kamwanako pansi. Thoroughbred imeneyo ikhale yodzazira mipikisano. Yaikazi yatsopanoyo ikafika BLUP 100, fufuzani yamphongo ya Arabian yeniyeni, ya BLUP 100, ya GP yoposa yake, ndipo ndalama zokweretsera muziike padera kuyambira lero.