Sensa ikundinamiza chifukwa cha regulator, bodi ndi yaing'ono

Wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndapangira kasitomala kabodi koyezera kutentha mosungira chimanga. Ndikangoyatsa, sensa imagwirizana ndi thermometer yanga. Pakatha theka la ola imakhala itakwera ndi madigiri 4, pomwe m'chipindamo simunasinthe kanthu. Wolakwa ndikumudziwa, ndi regulator wa 7805, kachipangizo kotsitsa mphamvu ya magetsi. Akutsitsa 12V kufika pa 5V pa 100mA, ndiye 0.7W ikungosanduka moto, masentimita atatu okha kuchokera pa sensa. Kabokosi ndinagula kale, bodi sindingaikulitse.

Mkulu wa mafiriji: Ingochotsani 4 mu code, nkhani yatha.

Wa ku Ndirande: Ndinayesa akulu. WiFi ikamatumiza, 4 uja amasanduka 6.

Mayi injiniya: Achimwene, pansi pa sensayo pali ground plane, mkuwa uja woyalidwa pa bodi?

Wa ku Ndirande: Ilipo mayi, bodi yonse.

Mayi injiniya: Ndiye mwaupangira nokha msewu motowo. Mkuwa umadutsitsa kutentha pafupifupi 400 W/mK, FR4, yomwe amapangira bodiyo, ili cha pa 0.3. Kusiyana kwake ndi kopitirira ka 1,000, ndipo mutha kudyerapo pamenepo. Zomwe amazitcha ma thermal metamaterial maziko ake ndi omwewa: kusanja chodutsitsa kutentha ndi chotchinga mosinthanasinthana, mpaka kutentha kuziyenda mosavuta mbali imodzi koma movutikira mbali inayo. Mu 2013 ofufuza a ku Karlsruhe ku Germany anatenga mbale ya mkuwa, naigoba mizere yozungulira, m'mipatamo nathiramo silicone. Kutentha kunalambalala pakatipo ngati madzi akakumana ndi mwala, zomwe amazitcha "cloak", ngati chofunda chobisa pakatipo. Akatswiri a Toyota ku Michigan anachitanso zofanana pa bodi wamba, ndi mizere ya mkuwa pa FR4. Inu chotsani mkuwa pansi pa sensa, dulani mpata wooneka ngati U kuizungulira, kunja kwa mpatawo muike lamba wonenepa wa mkuwa.

Wa ma inverter: Pepani mayi, ndilowererepo pang'ono. Anyamata akamva "cloak" amaganiza kuti kutentha kwasowa. Sikusowa. Ngakhale ku Karlsruhe kuja pakati pankatentha mochedwa chabe, si kuti sipankatentha. Kabodi aka kaziyaka usana ndi usiku. Lambayo akapanda kotayira moto, pofika mawa sensa ili muuvuni wozungulira bwinobwino.

Mayi injiniya: Zoona bambo, ndinadumpha pamenepo. Lambayo asatseke bwalo. Achoke pa tab ya 7805, kachitsulo ka kumsana kwake kaja, apite mbali yosiyana ndi sensa, akathere pa bawuti yogwira kachitsulo ka aluminiyamu kotulukira kunja kwa bokosi. Ndipo ma track atatu opita ku sensa, mizere ya mkuwa yodutsa magetsi ija, akhale owonda, cha pa 0.2mm, chifukwa moto umakwera omwewo ngati mlatho.

Mkulu wa mafiriji: Inetu ndikanangoika buck converter m'malo mwa 7805, imatsitsa magetsi osatentha kwambiri, ndipo ndi yotchipa. Koma pitirizani sayansi yanuyo.

Wa ma inverter: Apa mwalasa akulu. Moto ukachepa kugwero, wolondolera umachepanso. Achite zonse ziwiri.

Wa ku Ndirande: Ndabweranso. Bodi yatsopano sinafike, ndiye ndachita zachimidzi pa yakaleyi. Mpata ndadula ndi kasowo, mkuwa wa pansi pa sensa ndapala ndi lezala, ndipo waya wonenepa wa earth ndamuwotcherera kuyambira pa tab mpaka pa bawuti. M'mbali mwa bokosi ndaboola timabowo tiwiri, kamodzi pansi kena pamwamba. Kayaka maola 6, kusiyana kwatsika kufika pa digiri imodzi ndi theka. 7805 akadali pomwepo.

Mayi injiniya: Bokosi munaliimika bwanji?

Wa ku Ndirande: Sensa ili pamwamba.

Mayi injiniya: Litembenuzeni achimwene, mpweya wotentha umakwera. Muyezenso mawa masana mutiuze.