Ndiyambire kuti pofufuza banja la Mngelezi amene anadzalima fodya ku Nyasaland?

Nachisale, Chilomoni

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene anayamba afufuzapo mbiri ya makolo. Agogo amene anabereka mayi anga anali mwana wa Mngelezi wina amene anabwera kuno pamodzi ndi mng'ono wake nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ndipo awiriwo ankayang'anira munda wa fodya cha ku Chiradzulu. Dzina lake tikulidziwa, koma sindililemba pano popeza abale ena sanavomereze. Tili ndi chithunzi chimodzi chopanda chaka, komanso mawu a agogo akuti bambo awo anali a ku Yorkshire ndipo anabwerera kwawo atakwatira mzungu mnzawo. Ndikufuna kudziwa kumene banjali linachokera, chaka chimene linafika, ndiponso ngati dzina la mayi a agogo, amene anali Mmang'anja, linalembedwa pena paliponse. Kodi ndiyambire kuno ku Blantyre, ku Zomba, kapena pa intaneti?

Mphunzitsi Wopuma, Namiwawa

Mayi Nachisale, popeza dzina muli nalo, yambani ndi mbali ya ku England, chifukwa ndiyo yosavuta ndipo mukhoza kuichita muli pakhomo. Boma la kumeneko linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa mu 1837, ndipo mndandanda wa mayinawo umapezeka kwaulere pa tsamba la intaneti la FreeBMD. Mukapeza munthu wanu, itanitsani chikalata chenicheni ku General Register Office, ofesi ya boma yosunga zolembazi, pakuti cha kubadwa chimatchula dzina la mayi la kwawo asanakwatiwe, pamene cha ukwati chimatchula abambo a mbali zonse ziwiri ndi ntchito zawo.

Kenaka onani kalembera wa anthu, amene ankachitika zaka khumi zilizonse. Wa 1841 mpaka wa 1921 ndi wotsegulidwa kwa aliyense. Mwayi wanu ndi wakuti mukufufuza abale awiri: mayina a Angelezi amabwerezedwa kwambiri, koma anyamata awiri a mayina amene mukuwadziwa, okhala nyumba imodzi ku Yorkshire mu 1891 kapena 1901, n'kusowa onse mu 1911, ndi umboni wolimba ndithu. Mabuku a anthu okwera sitima za pamadzi kuchoka ku Britain, a 1890 mpaka 1960, amasungidwa ku National Archives ku Kew, ku London. Musamangofuna mawu akuti Nyasaland m'mabukuwo, chifukwa kawirikawiri ankalemba doko lotsikira. Masiku amenewo anthu ankalowera pa doko la Chinde ku Mozambique, n'kukwera sitima mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, ndipo njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908.

Wa Zakale, Limbe

Zimene anena aphunzitsi ndi zoona, koma ndiwonjezepo chenjezo limodzi. Makolo athu ankati Mngelezi kwa mzungu aliyense wolankhula Chingerezi, pamene ambiri amene anayamba kukhala kuno anali a ku Scotland, monga amishoni amene anatsegula Blantyre Mission mu 1876 ndi a kampani ya African Lakes amene anamanga Mandala House mu 1882. Ngati ku Yorkshire simupeza kanthu, yesani pa tsamba la intaneti la ScotlandsPeople, kumene zolemba za boma zimayambira mu 1855.

Za kuno kwathu, National Archives ku Zomba ndi malo ofunika, koma pitani mukudziwa kuti moto unatentha maofesi a boma kumeneko mu 1919 ndipo mapepala ambiri a zaka zam'mbuyo anapsa. N'chifukwa chake pa nthawi imene mukufunayo zinthu zosindikizidwa ndizo zimathandiza koposa, popeza makope ake anali m'malo ambiri. Gazeti ya boma inkalengeza za malo, za zilolezo ndi za chuma cha masiye, ndipo nyuzipepala ya Central African Times, imene inadzakhala Nyasaland Times, inkalemba za azungu ofika ndi ochoka, maukwati awo ndi maliro awo. Azungu anali ochepa kwambiri, moti woyang'anira munda sakanatha zaka zambiri osatchulidwa. Musanakwere basi ya ku Zomba, kwerani kaye pamwamba pa Mandala House, pamene pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946. Ngati mng'ono uja anafera kuno pa nkhondo, dzina lake lingapezeke pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a ofera pa nkhondo, limene lili ndi manda a ku Blantyre, Zomba ndi Karonga. Mukafufuzanso dzina la banjalo n'kulemba Nyasaland ngati malo obadwira, kalembera wa 1921 angakuonetseni ana ake ena amene anabwerera naye.

Mkulu wa Mpingo, Ndirande

Ine ndikuona kuti funso lolemera kwambiri la mayiwa ndi lomalizalo, ndipo silinayankhidwe. Mwina mudzapeza mzere wa Mngeleziyo mpaka kwa agogo a agogo ake, ndi dzina la msewu umene ankakhala, koma mayi amene anabereka ndi kulera mwanayo simudzamupeza mu gazeti kapena mu nyuzipepala. Maukwati otere nthawi zambiri sankalembetsedwa kwa boma, ndipo ana ambiri ankakulira kwa amalume awo bambo akachoka. Vutoli linali lalikulu kotero kuti mu 1929 ana a azungu ndi amayi akuno anakhazikitsa Anglo-African Association, kudandaula za sukulu ndi za malo awo m'malamulo a dziko.

Kumene mayiyo angaoneke ndi m'mabuku a ubatizo. Funsani kuti agogo anu anabatizidwa mumpingo uti, ndipo lembani kalata yaulemu kwa abusa kapena ansembe a kumeneko. Ku Chiradzulu kunali Akatolika ku Nguludi, kumene mishoni inatenthedwa pa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, kunali Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ndiponso masukulu a Blantyre Mission m'midzi. Koma koposa zonse pitani kumudzi msanga. Amang'anja amawerenga mtundu kuchokera kwa mayi, choncho mwini mbumba ndi anyakwawa amasunga mayina amene pepala linawasiya. Mukafunsenso dzina limene antchito anamupatsa mzunguyo, chifukwa okalamba sangamuzindikire ndi dzina la kwawo. Ngakhale John Moir, mmodzi wa akuluakulu a African Lakes, anthu ankamudziwa monga Mandala. Konzekani mtima, pakuti nkhani za minda imeneyo zimabwera pamodzi ndi za thangata, ndipo ena adzakuuzani zowawa za munthu amene inu mukumutcha kholo. Zimenezonso muzilembe monga momwe zanenedwera.

Nachisale, Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse. Alipo azakhali a mayi anga amene akadali moyo ku Chiradzulu, ndipo ndiyamba ndi iwowo Loweruka likubwerali. Abambo a ku Ndirande, kodi ndi bwino kuwajambula mawu pa foni, kapena zingawachititse manyazi?

Mkulu wa Mpingo, Ndirande

Apempheni kaye, ndipo afotokozereni kuti mawuwo ndi a zidzukulu zawo. Mupite ndi amalume anu kuti nkhaniyo ikhale ya banja lonse, mutenge chithunzi chija, ndipo musawauze msanga za Yorkshire, kuti muone ngati atchula okha dzina la malo. Mukawafunsa za chaka, funsani ngati mwanayo anabadwa nkhondo ya Chilembwe isanachitike kapena itapita, chifukwa zaka za makalendala okalamba ambiri sazisunga.