Mayi a COPD akubanika kwambiri ndikawaphunzitsa diaphragmatic breathing, thandizeni

RehabTech_Kumudzi:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndili ndi mayi a zaka za m'ma 60 ku NCD clinic (kiliniki ya matenda osapatsirana), COPD (matenda a mgonagona a m'mapapo otsekereza njira za mpweya) yotsimikizika, FEV1/FVC (mpweya umene atulutsa mu sekondi yoyamba poyerekeza ndi wonse umene angatulutse) pansi pa 0.7 atapopa salbutamol, mankhwala otsegula njira za mpweya. Fodya sanasutepo, koma akalambira pa nkhuni, kutcheza kachasu m'khitchini yopanda zenera. Pa mlingo wa kubanika wa mMRC ali pa 3, akayenda pang'ono amaima kuti apume. Ndawayambitsa diaphragmatic breathing (kupuma kokokera mpweya kumimba), dzanja pamimba ngati mmene timachitira, koma akangoyamba wefuwefu amachita kukula, nthiti za m'munsi zikulowa mkati akamakoka mpweya, ndiye akuti chizungulire. Tabwereza spirometry (kuyeza mapapo pouzira m'makina), FEV1 ili pompo. In-charge akundifunsa kuti ma exercise angawa akupindula chiyani. Ndisinthe pati?

Mdala_CO:
GeneXpert, yoyeza TB m'makhololo ija, munapanga? Kwathu kuno munthu wotsokomola nthawi yaitali ndi TB mpaka makhololo atamuyeretsa. Yambani pamenepo achimwene.

RehabTech_Kumudzi:
Tinapanga bambo, negative. Anamwapo mankhwala a TB kalekale, anamaliza.

Physio_Sisi:
Achimwene, zimene mwaona pa nthitizo ndi Hoover's sign. Mapapo awo adzadza mpweya wosatuluka, diaphragm (mnofu wopumira wa pansi pa mapapo) yaphwatalala, ndiye inu mukuiuza kuti itsike pomwe ilibenso kotsikira. Pa COPD yofika pamenepa diaphragmatic breathing imangowonjezera ntchito yopuma. Isiyeni. Chizungulirecho nthawi zambiri n'chifukwa choti akukoka mpweya wambiri mothamanga pofuna kukusangalatsani.

Pitani pa pursed lip. Akoke ndi mphuno pang'ono chabe, kuwerenga kawiri, atulutse ndi milomo yosongoka kuwerenga kanayi, ngati akuuzira phala lotentha la mwana. Asakankhe. Akakankha ndi mphamvu tinjira ta mpweya timatsekeka, mwabwerera pomwe munali. Akhale pa mpando atawerama pang'ono, zigongono pa mawondo, mapewa atagwa. Akazolowera atakhala, azichita akuyenda, ndipo ponyamula ndowa kapena podzuka pansi azitulutsa mpweya pa nthawi yovutayo.

Za in-charge wanuyo, auzeni mwaulemu kuti akuyang'ana nambala yolakwika. Kupuma kotereku sikukweza FEV1, mapapo owonongeka sabwerera. Chimene chimasintha ndi kubanika komanso mtunda umene munthu angayende. Pangani 6MWT (kuyeza mtunda umene angayende m'mphindi 6) pa khonde la mamita 30, lembani Borg (mlingo wa mmene akumvera kubanika) poyamba ndi pomaliza, mubwereze pakatha masabata 6 mpaka 8. Ndipo kupuma kokha sikukwanira, miyendo nayo igwire ntchito: kuyenda, sit to stand, kosachepera kawiri pa sabata inu mukuwayang'anira.

Mdala_CO:
Mwamva nokha kuti anadwalapo TB. GeneXpert imodzi siyokwanira, makamaka ngati anapereka malovu m'malo mwa makhololo. X-ray ilipo? Mukuwaphunzitsa kuuzira milomo m'chipinda chodzadza ndi odwala shuga, mwina akufalitsa.

Namwino_wa_Male_Ward:
Ine langa ndi chenjezo chabe. Pomwe ndinkagwira kale anabwera abambo ena a COPD atabanika usiku, wogwirizira anawaika pa cylinder ya oxygen n'kutsegula mpaka kumapeto kuti saturation (kuchuluka kwa oxygen m'magazi) ifike 100. Kutacha anali atagona tulo tosadzutsika, guardian akusangalala kuti bambo apumula. Inali CO2, mpweya woipa umene thupi limatulutsa, itadzadza m'magazi. Anapulumuka, koma tinavutika nawo. Anthu amenewa saturation yawo isungeni pa 88 mpaka 92, osathamangira 100. Ndipo pa 6MWT yanuyo pulse oximeter yoyezera saturation isachoke pa chala, mpando ukhale pafupi. Akadandaula chifuwa kupweteka kapena milomo ikayamba kuda, imitsani pomwepo.

Pharm_Tech:
Inhaler akupopa bwanji? Ambiri amapopera pa lilime ngati perfume kenako n'kumati mankhwala sagwira. Botolo la pulasitiki la 500ml, boolani kumatako kuti inhaler ilowe bwino, spacer yothandiza mankhwala kufika m'mapapo yatheka. Puff imodzi pa nthawi, apume kangapo m'botolomo, kenako ina. Auzeni apope pamaso panu, musangofunsa.

Physio_Sisi:
Zoona zimenezo. Ndiwonjezere za makhololo: ngati alipo ambiri aphunzitseni huff, kutulutsa mpweya mwamphamvu pakamwa pali poyasama, osati kutsokomola mpaka maso kufiira. Koma mukangoona magazi m'makhololo, huff ndi kuwomba pamsana zonse ziime, apite kwa clinician. Pa munthu amene anadwalapo TB magazi si nkhani yamasewera. Mabaluni aja ena amagawa kuti odwala azifufuma kunyumba, ine sindiwakonda pa anthu a hyperinflation, amene mapapo awo adzadza kale mpweya wosatuluka.

Mdala_CO:
Ehee, mwafika nokha pa TB paja. Ndi zimene ndikunena kuyambira mmawa. Ndaona ambiri akulembedwa asthma, kenako COPD, akumwa aminophylline zaka, mapeto ake n'kupezeka ndi ma cavity, mabowo a TB m'mapapo. Bwerezani makhololo a m'mamawa. Muonenso miyendo, ikakhala yotupa mwina mtima wakumanja wayamba kulephera, ndipo zimenezo sizichoka ndi milomo yosongoka.

HSA_Phiri_la_Kumwera:
Mabwana, zonsezi n'zabwino, koma mayiwo akachoka kwa inu akubwerera ku utsi womwewo. Kachasu ndiye sukulu fizi ya adzukulu, simungangowauza kuti asiye. Ife timawapempha kuti aziphikira panja, nkhuni zikhale zouma, ndipo wokoleza moto akhale wina. Chitetezo mbaula imapulumutsa nkhuni, koma mgolo wa kachasu sukhalapo.

Namwino_wa_Male_Ward:
Nyengo yamvula aphikira panja pati? Amalowanso m'nyumba, chitseko chotseka.

HSA_Phiri_la_Kumwera:
Kachisakasa kopanda makoma kamathandizako asisi, bola denga.

Mdala_CO:
X-ray, achimwene. Mundiuze.

Pharm_Tech:
Pepani kupatutsa nkhani. Inu a RehabTech, ma mouthpiece a spirometer mukuwapeza kuti? Athu anatha, makina angokhala mu kabati. Ndipo ndani amakupangirani calibration (kuyesa ngati makinawo akuwerenga molondola), syringe ya malita 3 ija muli nayo?